Ndinakagawa Zovala Kwathu Ngati Mlendo

Abusa Phiri atalengeza kuti zovala za chaka chimenecho zikagawidwa ku Liwaladzi ndi ku Dwambazi, ine ndinangoweramitsa mutu. Ndinali pabenchi yachiwiri pamene timakhala ife a komiti. Anthu onse anaomba m'manja, nanenso ndinaomba.

Mpingo wathu uli ku Lilongwe, ndipo chaka chilichonse abale a mpingo wina wa kunja amatitumizira mabelo a zovala za ana. Ife timaonjezerapo zimene akhristu athu asonkha, nkukagawa kumidzi kumene kuli nthambi zathu. Ine ndinali wapampando wa komiti yoona zimenezi kwa zaka zinayi. Ku Mchinji ndinapita, ku Ntchisi ndinapita, ku Dedza kawiri konse. Koma ku Liwaladzi ndi kwathu, ndipo mumpingo monse panalibe ankadziwa zimenezi kupatula amuna anga.

Kumpingo amanditchula Mayi Banda, dzina la ubatizo ndine Estere. Kwathu ndine Asiyatu, mwana wachiwiri wa malemu a Saidi, msodzi amene sankaphonya swala kumzikiti ngakhale nsomba zichuluke bwanji. Ndinachokako ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kukagwira ntchito yam'nyumba mumzinda. Kumeneko ndinakumana ndi a Banda, tinakwatirana, ndinabatizidwa. Bambo anga atamva anandilankhula mawu olemera, ine nkuwabwezera olemera kuposa awowo. Anamwalira tisanakhululukirane. Nditapita kukapepesa maliro, achimwene anga a Yusufu anandiuza pamaso pa anthu kuti bambo ndawapha ndine ndi mtima wanga wouma. Ndinabwerera tsiku lomwelo, ndinasintha nambala ya foni, ndipo panadutsa zaka khumi ndi chimodzi osapondako.

Pamenepo mwina wina angandimvetse. Chimene sindingadziikire nacho kumbuyo ndi ichi. Tsiku lina pamsonkhano wa amayi, tikupereka maumboni, ndinaimirira nkunena kuti ndine mwana wamasiye, makolo onse awiri anatisiya kalekale, wandilera ndi Mulungu yekha. Amayi analira, ena anabwera kudzandikumbatira. Chaka chomwecho anandisankha kukhala wapampando wa zovala, ati chifukwa ndikudziwa ululu wa mwana wosowa. Chonsecho mayi anga ndinawasiya ali moyo, atakhala pakhonde akundiyang'ana ndikupita.

Ulendowu ndinayesa kuuzemba. Ndinapempha amuna anga kuti akauze abusa kuti BP yandikwera.

"Pitani kapena musapite, zili ndi inu," anatero a Banda. "Koma ine musanditume kukanama kwa abusa. Bodza lanu lija landilemera kale."

Ndinadzilimbitsa mtima ndekha. Kachalichi kathu kali pafupi ndi msewu waukulu, pamene kwathu ndi kumunsi kunyanja, mtunda wa theka la ola pansi. Komanso Asilamu angadzatani pamsonkhano wa mpingo? Kuonjezera apo ndinali nditanenepa, ndimavala magalasi ndi wigi. Ndinati palibe angandizindikire.

Tinapangana kunyamuka Lachisanu m'mamawa, faifi koloko. Faifi inakwana tili pachalichi, mabelo ali panja, lole kulibe. A Mbewe, dalaivala wa lole imene tinachita hayala, anali pamzere wa mafuta. Anatulukira cha m'ma eyiti, maso ali psu, nkuyamba kutifulumizitsa ngati ochedwa ndife. Tinapakira mabelo khumi ndi anayi, tinafunditsa lona, tinapemphera. Abusa anatisiyira mpando wakutsogolo ine ndi Mayi Gondwe, mlembi wa komiti, iwo nkukwera kumbuyo pamwamba pa mabelo ndi chipewa chawo cha mlaza. Ine ndinakhala pakati, giya ikundigunda bondo nthawi iliyonse a Mbewe akasintha.

Titakhota pa Kanengo kulowa msewu wa ku Salima, Mayi Gondwe anayambapo kuyankhula, ndipo sanasiye. Ndi mphunzitsi wopuma, mayi wa mtima wabwino zedi, koma pakamwa pawo sipatseka. Pa Chezi anagula tomato ndi nthochi, nkutilongosolera mmene amadziwira tomato wothiridwa mankhwala. Tikutsetsereka mapiri a ku Mvera tinamva abusa akumenya denga ndi chibakera. Chingwe chinali chitamasuka, belo limodzi litagwa nkuphulika pamsewu. Tinatsika tonse kukatola timakabudula ndi timadiresi mu udzu, abusa akuthamangitsa kamalaya kofiira kamene mphepo inkakauluza. Tinaseka, tinamanganso. Ndiko kuseka kwanga komaliza paulendowo.

Titatsikira kuchigwa kutentha kunatilandira. Unali Okutobala, ndipo mphepo yolowa pawindo inali ngati ikuchokera mu uvuni. Pa rodibuloko apolisi anafunsa za katunduyo, abusa anaonetsa kalata ya mpingo, anatilola. Tinakhota pa Kaphatenga kuloza kumpoto. Kuyambira pamenepo a Mbewe anayamba kuyendetsa mokhotakhota pozemba maenje, akudandaula chapansipansi.

Titadutsa pa Khombedza tinaona ana atatu ali m'mbali mwa msewu, atanyamula nsomba zomangirira pachingwe. Mayi Gondwe anapukusa mutu.

"Taonani, lero ndi tsiku la sukulu. Anthu a kunyanja ine ndimawadziwa, ndinaphunzitsako kuno zaka ziwiri. Nsomba zikagwidwa zonse zimadyedwa tsiku lomwelo, za mawa saganiza. Mnyamata akangodziwa kupalasa bwato, sukulu yathera pomwepo. Mtsikana akangosinkhuka, ukwati. Makolo ake alibe nazo ntchito. Si choncho, Mayi Banda?"

"Ndi choncho," ndinayankha.

"Umbuli basi."

"Eya, umbuli."

Ndikunena mawu amenewo ndinkaona mayi anga nthawi ya dzinja, madzi atadzaza dambo la pakati pa mudzi wathu ndi sukulu. Ankandibereka kumbuyo, ine mtsikana wa Sitandade 4 miyendo ikulendewera, kuti yunifomu isanyowe. Akandiwolotsa ankabwerera kumunda, masana nkudzandidikiranso kutsidya. Ndinatembenukira kwa a Mbewe nkuwafunsa ngati kwatsala patali kuti tifike pa Benga, ngati kuti sindikudziwa.

Pa Benga tinafika cha m'ma wani koloko, ndipo tinafika mwa tsoka. Titangotsala pang'ono kulowa pamsika, lole inagwera m'dzenje limene a Mbewe sanalione. Tinamva phokoso ngati mfuti, galimoto nkupendekera kumanzere. Anaikokera pang'onopang'ono mpaka pamthunzi wa mtengo wa mango, anagona pansi pa loleyo, anatuluka akupukuta m'manja.

"Sipuling'i yathyoka. Pafunika wowotcherera."

Wowotcherera analipo, shedi yake inali poonekera. Koma linali Lachisanu, mwiniwake anali kumzikiti. Tinadikira. Anthu atatuluka ku swala anabwera, bambo wamtali wovala mkanjo woyera, anayang'ana chitsulocho nkunena kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Kenaka analoza babu la pashedi yake. Magetsi anali atazima chiyambire m'mawa. A Mbewe anafunsa za jenereta. Inalipo kwa mwini golosale wina, koma inalibe petulo, ndipo wogulitsa petulo wa m'zigubu anali atapita kumaliro.

Tinatsitsa mabelo onse kuti lole ikwezedwe pa jeke. Anthu ataona mulu umenewo anayamba kusonkhana, kuyesa tabweretsa kaunjika.

"Mutsegula nthawi yanji? Za ana zilipo?"

Abusa analongosola kuti si zogulitsa, ndi za ana ovutika a ku Liwaladzi ndi ku Dwambazi. Mayi wina anakweza mwana wake m'mwamba, kamalaya kali mbuu, kong'ambika paphewa. "Nanga uyu ndi wolemera?" Abusa anangokhala pabelo limodzi nkumadzipepesera mphepo ndi chipewa.

Ine ndi Mayi Gondwe tinakakhala pakhonde la sitolo ina yotseka. Thukuta linkayenderera pansi pa wigi, koma sindinayerekeze kuivula. Maola anayenda. Tinadya nthochi zija, tinamwa madzi ofunda. Mayi Gondwe anawodzera, anadzuka, anayambanso nkhani. Cha m'ma folo kunabwera mayi wina atasenza beseni la mpunga wogulitsa, atafunda mpango wobiriwira. Anatula beseni patsogolo pathu, anayamba kunenerera malonda ake, kenaka analekeza panjira. Ankandiyang'ana.

"Asiyatu? Iwe, si Asiyatu wa a Saidi?"

Ndinamudziwa asanamalize. Anali Habiba, mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi kusukulu, amene tinkasamba naye kunyanja. Mpata wa pakati pa mano ake unali womwe uja.

"Pepani mayi, mwandisokoneza ndi wina," ndinatero. Ndinayankhula Chichewa cha mumzinda, chopyapyala, ndikukonza magalasi.

"Awa ndi Mayi Banda a ku Lilongwe," anathandizira Mayi Gondwe. "Kuno nkoyamba kufika."

Habiba anandiyang'anabe kanthawi. Kenaka anaseka mwamanyazi, anawerama pang'ono.

"Mundikhululukire, amayi. Anthu amafanana. Ndimayesa mnzanga wina wa kwathu ku Liwaladzi, anapita ku Lilongwe konko kalekale. Mayi ake mpaka lero akamva kuti munthu wachokera kumeneko amapita kukamufunsa ngati anamuonako. Ine ndinakwatiwa kuno, koma ndikapita kumudzi sandisiya. Amati, iwe uli pamsewu, magalimoto onse amadutsa pako, sunamuone?"

"Ana a masiku ano," anatero Mayi Gondwe. "Kumusiya mayi wako choncho? Ena akulira kusowa makolo, ngati anzangawa."

Anagula mpunga kuti amuthandize. Ine ndinagwira thumba kuti Habiba athiremo. Umu ndi mmene ndinadziwira kuti mayi anga akali moyo. Zaka zonsezo sindinkadziwa, ndipo ndinkaopa kufunsa. Ndinamva kuchokera kwa munthu amene ndinali nditangomukana kumene, ndipo sindikanatha ngakhale kumufunsa kuti ali bwanji.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka kwambiri. Msika wonse unakuwa. Wowotcherera uja anavula mkanjo, anavala ovolosi, anagwira ntchito yake bwinobwino. Koma pomaliza kupakiranso mabelo kunali kutayamba kuda, ndipo a Mbewe anakanitsitsa kuyenda mumdima pamsewu wa maenje ngati umenewo. Abusa anaimbira foni a ku Liwaladzi kuti auze ana abwerenso mawa. Tinagona pa kanyumba ka alendo komweko. Ine tulo sindinatione.

Loweruka tinalawirira. Pa mlatho wa Chia amayi ndi anyamata ankakweza nsomba m'mwamba kuti tiime, a Mbewe anagula chambo chiwiri nkuchimangirira pagalasi la kunja. Pa boma la Nkhotakota tinamwa tiyi ndi mabanzi titaimirira. Titawoloka Bua ndinayamba kudziwa chilichonse: njira yopita kuchigayo, mtengo umene tinkadikirirapo matola, kamzikiti kopaka laimu kamene kale kanali ka udzu. Mayi Gondwe ankandilozera zinthu nkumandilongosolera, ine nkumati, "Oo, eti?"

Pa kachalichi tinapeza ana osawerengeka atakhala pansi pa mitengo ya mango, ena ndi amayi awo, ena okha. Anatilandira ndi nyimbo. A Kamanga, mkulu wa mpingo wa nthambiyo, anatipatsa moni mmodzimmodzi nkutiuza kuti dzulo anawo anadikira mpaka dzuwa kulowa.

"Achuluka chonchi bwanji?" anafunsa abusa. "Mpingo uno si waung'ono?"

"Tinaitana onse, abusa, a kumzikiti omwe. Ife kuno timakhala limodzi, maliro timaikira limodzi. Ndinakawauza a shehe, ndipo analengeza dzulo pa swala."

Ndinapempha kuti ine ndikhale m'chalichi ndizimasula mabelo, koma abusa anakana. Anati wapampando ndiye amapereka ndi dzanja lake, ndi mmene timachitira nthawi zonse.

Tinaika tebulo panja. Abusa analalikira mwachidule, tinapemphera, mzere unayamba. Mayi Gondwe ankalemba dzina la mwana aliyense, ine ndinkayang'ana msinkhu wake nkumupatsa zovala ziwiri, abusa ankajambula ndi foni zithunzi zokatumiza kwa abale akunja aja. Belo lina titalitsegula munali majekete okhaokha a kuchisanu, aubweya m'khosi. Ana anawalandira mosangalala nkuwavala pomwepo, padzuwa limenelo, thukuta lili kamukamu. Anthu anaseka. Ine ndinkangoyang'ana manja a ana, osakweza maso. Aliyense ndinkamuuza mawu amodzimodzi: "Mulungu akudalitse."

Patapita ola limodzi ndinayamba kupuma bwino. Ndinati mwina zitha chonchi. Kenaka ndinamva Mayi Gondwe akufunsa monga ankafunsira onse.

"Dzina la mwana, agogo?"

"Asiyatu. Asiyatu Yusufu."

Mawu amenewo ndikanawadziwa ngakhale pakati pa msika. Ndinakweza maso. Mayi anga anali ataima kutsidya kwa tebulo, atagwira dzanja kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Anali atachepa thupi, msana utapindika pang'ono, atafunda mpango wakuda wofwifwa. Chitenje chawo chinali chochapa bwino, koma maluwa ake anali atatha kuoneka. Kamtsikanako kanali ndi chipumi cha achimwene.

Anandiyang'ana. Sanadzidzimuke ayi. Anayang'ana nkhope yanga, yunifomu yanga yoyera ya amayi a mpingo, magalasi, kenaka abusa ndi foni yawo. Ndinaona milomo yawo ikugwedera ngati akufuna kunena kanthu. Ine ndikanangoti "Amayi," basi, liwu limodzi. Mayi Gondwe anali pambali panga ndi cholembera. Ndinawerama nkuyamba kusanthula mubelo.

Ndinatulutsa diresi la buluu ndi siketi, osayang'ana nkomwe ngati zingamukwane mwanayo. Nditatembenuka ndinapeza mayi anga atagwada pamchenga, atatambasula manja onse awiri.

"Zikomo, amayi," anatero. "Mulungu akupatseni zochuluka kumene mwachotsako."

Ndinaika zovalazo m'manja mwawo. Zala zathu zinakhudzana. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu aja: "Mulungu akudalitseni, agogo."

"Imani pomwepo, Mayi Banda!" anafuula abusa. "Musasunthe. Agogo, khalani chomwecho pang'ono. Mwana ayang'ane kuno. Eya! Kachiwiri."

Mayi anga anakhalabe chogwada mpaka abusa atakhutira. Podzuka anagwira mwendo wa tebulo, bondo linalira. Sindinawagwire dzanja. Anatenga mdzukulu wawo nkumapita, osacheuka.

"Dzina lija la dzulo ku Benga," anatero Mayi Gondwe akulemba. "Kuno ndi lofala, eti? Wotsatira!"

Mzere unapitirira, ndipo ine ndinaperekabe zovala mpaka mabelo asanu ndi awiri a pamalopo anatha. Sindikumbuka nkhope ina iliyonse. Amayi a mpingo anatiphikira mpunga ndi nsomba, ine ndinati m'mimba simuli bwino. Cha m'ma thu koloko tinakwera lole kuti tipitirire ku Dwambazi. Ndinakhala pampando wanga wa pakati, ndipo tikudutsa panjira yotsikira kwathu ndinayang'ana kutsogolo.

Msewu wa ku Dwangwa sindinauone. Ndimangokumbuka minda ya mizimbe itayamba kuoneka mbali zonse ndi mathirakitala odzaza akutipatsa fumbi. Pa Dwangwa a Mbewe anaima kuti athire madzi mu injini, tonse tinatsika kukaima pamthunzi wa sitolo. Abusa anatulutsa foni nkuyamba kutionetsa zithunzi, akusangalala.

"Koma ichi ndiye chaposa zonse. Taonani. Ichi chikakhala patsamba loyamba la lipoti."

Anandipatsira foniyo. Ndinadziona nditaima, woyera mbee, wonenepa, ndikumwetulira. Sindinkadziwa kuti ndinamwetulira. Pansi panga mayi anga atagwada, mapazi awo ong'aluka akuonekera kumbuyo.

"Abusa, chifufuteni chithunzichi."

"Chifukwa? Mwaoneka bwinotu."

"Awa ndi mayi anga."

Mayi Gondwe anaseka pang'ono. "Inde, okalamba onse ndi amayi athu."

"Ayi. Mayi anga ondibereka. Asiyatu uja amanena mayi wa ku Benga ndine. Kamwana kaja ndi ka achimwene anga."

A Mbewe, amene anali pafupi ndi chigubu cha madzi, anasuntha nkupita kuseri kwa lole.

"Si paja munati makolo anu..." anayamba Mayi Gondwe.

"Ndinanama. Bambo okha ndiwo anamwalira."

Abusa anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli cholembedwa. Anatenga foni m'manja mwanga, anafufuta zithunzi ziwiri zija ine ndikuona.

"Ndiye ine ndawagwaditsa mayi anu padzuwa kuti ndijambule bwino," anatero motsitsa mawu. "Inu muli pomwepo."

"Wolakwa ndine, abusa."

"Za umboni uja tikakamba ku Lilongwe, ndipo mukaima nokha pamaso pa amayi amene munawaliza aja. Koma panopa mukutani pano? Ku Dwambazi tikagawa tokha."

Ndinakaimadi pamaso pa amayiwo patapita masabata awiri, ndipo upampando ndinatula. Koma zimenezo zinali zopepuka poyerekeza ndi za tsiku limenelo.

Mayi Gondwe sanandiyang'ane. Analowa m'sitolo muja, anatuluka ndi shuga, masamba a tiyi ndi sopo, nkuziponya m'chikwama changa mwaukali.

"Simungakafike kwa mayi chimanjamanja." Kenaka anandigwira pamkono. "Ndiye dzulo lija ine ndikubwebweta za umbuli, inu nkumangovomera? Mwandichimwitsa, Mayi Banda. Pitani."

Minibasi yobwerera chakumwera ndinaipeza ili ndi anthu anayi okha. Kondakitala ataona yunifomu ndi magalasi ananditchulira mtengo wa mlendo, ine sindinatsutse. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, dalaivala akuliza injini ngati tikunyamuka, kenaka nkuzimitsa. Munadzaza anthu odula mizimbe amene anali ataweruka, ena akuyankhula Chitonga, ena Chitumbuka, ena Chisena, zovala zili bii ndi phulusa. Bambo amene ndinakhala naye anasunthira kumbali kuopa kundidetsa. Ndinafuna kumuuza kuti asavutike.

Ndinatsika pa Liwaladzi dzuwa likadali pamwamba ndithu. Njira ya kwathu ndi ya mchenga wokhawokha, ndipo nsapato zanga zinkangomira. Ndinazivula nkuzinyamula m'manja. Mchenga unanditentha mapazi moti ndinkathamangira pamthunzi uliwonse ngati mwana. Ndinakumana ndi ana atavala majekete aja, anandizindikira kuti ndine mayi wa zovala, ananditsatira kanthawi kenaka anatopa. Pamjigo amayi anasiya kupopa nkumandiyang'ana. Mmodzi anati chapansipansi, "Ndimanena ine kuti ndi yemweyo."

Nyumba inali yomwe ija, kungoti mbali imodzi anafolera malata. Mayi anga anali pakhonde, pamphasa, diresi la buluu lija lili pamiyendo. Linali lalikulu kwambiri, la mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anali atalisula m'mbali kuti alichepetse. Kamtsikana kaja kanakhala pambali pawo kakudikira.

"Odi," ndinatero.

"Fikani."

Ndinakhala pansi, padothi, kunja kwa mphasa. Ndinavula magalasi. Mawu amene ndinakonza m'minibasi onse anathawa.

"Amayi, ndine."

"Ndikudziwa. Ndinakudziwa ukutsika m'galimoto muja. Umaponda ngati bambo ako."

"Nanga bwanji simunanditchule?"

"Ndinaona uli pantchito, uli ndi akuluakulu ako. Ndinati akadziwa kuti ndiwe mwana wa Msilamu, wa kumudzi ngati kuno, mwina akuchotsa. Ndinati bola ndamuona, ali moyo, wanenepa." Anatembenuza diresi lija. "Dzulonso ndinabwera. Ndimafuna ndifunse alendowo ngati amakudziwa."

Ndinalira pamenepo, kulira konyansa, kwa mamina. Iwo sanandiletse, sanandigwirenso. Kamtsikana kanandiyang'ana mwamantha.

"Awa ndi azakhali ako," anakauza. "Amene unatengera dzina. Apatse moni." Kanabwera, kanagwada, kanandipatsa dzanja. "Dzinalo anapereka ndi bambo ake, achimwene ako, palibe anawauza. Ali kunyanja, abwera. Usayembekeze kuti akusekerera lero. Koma abwera."

Ndinatulutsa shuga ndi sopo zija nkuziika pamphasa. Anathokoza, anazisunthira pambali.

"Uli ndi ana?"

"Awiri. Mnyamata ndi mtsikana."

"Amadziwa kuti ali ndi agogo?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anasiya kugwiragwira diresi lija nkundiyang'ana.

"Nanga anzako aja umawauza kuti kwanu nkuti?"

Ndikanatha kunamanso. Ndikanati ndimangoti ku Nkhotakota, iwo akanakhulupirira. Koma ndinali nditatopa.

"Si chifukwa cha ntchito ija, amayi, palibe akanandichotsa. Ndine ndekha. Ndinawauza kuti ndilibe makolo. Ndinaima m'chalichi nkunena kuti inu munamwalira."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Kuseri kwa nyumba mlamu wanga, amene ndinali ndisanamuonepo, anasiya kusinja. Mayi anga ankangosalaza nsalu ya diresi ndi chikhatho.

"Ndinamwalira liti?"

"Ndinati kalekale."

"Ndi matenda?"

"Sindinanene."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumva za maliro a kumudzi wina. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Ukabwerera ukawauze kuti ndadzuka. Inu akhristu zimenezo simuvuta kukhulupirira."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Anasuntha pang'ono pamphasa, kusiya malo okwana munthu mmodzi, nkunditambasulira singano ndi ulusi.

"Tandilowetsera apa. Chibwerereni kuja ndikulimbana nayo, bowo lake sindikuliona."